Ng'ombe zinayi zija

Ndinakwatiwa chitengwa kuno ku Chipangali. Ife Achewa kale sitinkalandira malowolo, koma atsibweni anga analandira ng'ombe zinayi. Kuyambira pamenepo, mwamuna uja akakwiya mawu ake anali amodzi: "Ndinakugula iwe, ulibe kopita."

Fodya tinkalima tonse. Kuthirira nazale, kuthyola, kusoka m'chigafa mpaka zala kuda bii ndi utomoni, zonse zinali zanga. Akagulitsa ku Chipata, ndalama sindinkaiona. Tsiku lina ndinangofunsa za yunifolomu ya mwana, iye anasolola mtengo wa m'chigafa momwemo n'kundithyola mkono. Ndinathawira kwathu usiku, mwana ali kumsana, mkono uli lende.

Ankhoswe anakhala pansi, nkhani inathera pa ng'ombe. Ziwiri atsibweni anali atagulitsa kale, zobweza zinali zosakwana. Anati, "Banja n'kupirira, mwana wathu," n'kundiperekeza komwe ndinathawako.

Agogo anga aakazi okha ndiwo anakana. Anandiuza za agogo awo, amene anagwidwa pa nkhondo ya Angoni, azungu asanagonjetse Mpezeni mu 1898. Mkazi wogwidwa ankakwatiwa wopanda nkhoswe. Akamenyedwa analibe komudandaulira, ukwati sakanauthetsa, ana anali a mbuye wake. Achewa enanso ankakwatira akapolo dala kuti ana asapite kuchikazi. "Agogo anga aja analibe abale," anatero agogo. "Iwe uli nawo, ndiye akusandutse kapolo ndi abale ako omwe?"

Mayi wina wa ku tchalitchi anandiperekeza ku Victim Support Unit ya polisi. Apolisiwo anandipatsa fomu yopita nayo kuchipatala, n'kundiuza kuti kuyambira 2011 Zambia ili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja. Popeza ukwati wathu unali wamwambo, chisamani ndinakatenga ku Local Court. Ndinkanjenjemera, koma ndinakwinya malaya n'kuonetsa mkono. Ukwati unatha, ana ndili nawo. Pambuyo pake ndinamva kuti mu 2000, pa mlandu wa Chibwe, Supreme Court inagamula kuti mkazi wokwatiwa mwamwambo nayenso ali ndi gawo pa chuma cha banja.

Mkono uwu sunawongoke, khasu ndimagwira movutika. Inu atsibweni ndi ankhoswe, mwana wanu akabwera usiku magazi ali chuchuchu, mutsekulireni chitseko ndipo musamubweze. Za ng'ombe mukakambirane kukhoti.