Phingo ndi mlombwa pansi pa kasemasema

Kasemasema sikanama. Kakagwera pa mlombwa kamalowa bwinobwino, tizipalapala tofiirira n'kumagwa pansi. Kakagwera pa phingo kamanjanja, ndipo ine wosema ziboliboli ndimakhala ndafika kale pa mwala wonolera dzuwa lisanafike paliwombo.

Komatu akatswiri a zomera amati mitengo iwiriyi ndi pachibale. Yonse ili m'banja la Fabaceae, momwe mulinso nyemba ndi nandolo. Mlombwa amautcha Pterocarpus angolensis, phingo Dalbergia melanoxylon. Chondiseketsa n'chakuti mtedza wam'munda mwanuwo ndi wachibale wapafupi wa mlombwa kuposa momwe phingo alili. Poyang'ana maluwa simungawaganizire ubale: a mlombwa ndi achikasu, onunkhira, ndipo amasiya chipatso chozungulira cha timinga pakati, a phingo ndi ting'onoting'ono toyera.

Mlombwa ukatemedwa umatulutsa utomoni wofiira ngati magazi. Matabwa ake sapindika chisawawa, n'chifukwa chake akalipentala amaulimbirana pokhoma zitseko ndi mipando. Phingo ndi wina. Kunja ndi wotuwa, wokhotakhota, waminga, koma mtima wake ndi wakuda bii, wolemera moti umamira m'madzi. Ku Ulaya amapangira zitoliro monga clarinet ndi oboe. Kuti mtima umenewu ukhwime pamapita zaka 70 kapena kuposa, pomwe njovu yosema imatha m'masiku ochepa.

Pa mndandanda wa bungwe la IUCN, phingo ali m'gulu la mitengo yoyandikira chiopsezo, pamene mlombwa uli m'gulu losadetsa nkhawa kwenikweni, poti wafalikira m'maiko ambiri. Apa ndimapukusa mutu. A bungwewo amaona chigawo chonse cha Africa. Wosema amaona phiri la kwawo, komwe mlombwa wokula bwino watsala zitsa zokhazokha.

Malamulo a malonda ndiwo anaika mitengo iwiriyi pamodzi. Msonkhano wa CITES, pangano la maiko pa malonda a zomera ndi nyama zakuthengo, wa ku Johannesburg mu 2016 unaika mitengo ya Dalbergia pa ndandanda wachiwiri, wofuna chilolezo potumiza kunja. Mu 2019 Malawi anapempha kuti mukula, m'bale wake wa mlombwa, ulowenso, ndipo unalowa. Ku Panama mu 2022 mitengo yonse ya Pterocarpus ya mu Africa inatsatira.

Poona zonsezi, masiku ano zidutswa za phingo sinditaya. Zomwe kale zinkapita pamoto ndimasemera ndolo ndi tizipuni.