Anamwali Otumikira m'Ndege ya ku Joni

Tinanyamuka m'mawa pa bwalo la ndege la Kamuzu, kufupi ndi Lumbadzi, ulendo wa ku Johannesburg, mzinda umene makolo athu ankati Joni. Kale amuna a kwathu ankayenda njira imeneyi pansi masabata ambiri, kukafuna nchito ku migodi. Ife tinaitha m'maola awiri ndi theka, ngakhale kutalika kwake kuli pafupi makilomita 1,500. Za mitambo ndi mitsinje tinena pang'ono pokha. Chimene tifuna kukusimbirani, inu awerengi athu, ndicho nchito ya anthu amene anatilonjera pa khomo la ndege. Pakuti atsikana ambiri m'midzi mwathu aikhumbira nchito imeneyi, nayesa kuti iri ya kubvala bwino ndi kugawa tiyi basi.

Analipo anai, anamwali atatu ndi mnyamata mmodzi. Lamulo la maiko ambiri liti pa mipando 50 iri yonse pakhale wotumikira mmodzi, ndipo chifukwa chake si tiyi ai, koma ngozi. Ndege yaikulu ya mtundu watsopano siiloledwa kunyamula anthu kufikira oipanga ataonetsa kuti onse okhalamo angathe kuturuka m'masekondi 90, theka la makomo liri chitsekere. Tsono amene adzatsegula makomo otsalawo, ndi kutsogolera anthu amantha pakati pa utsi, ndiwo anamwali omwe aja akumwetulira. Ife tisanalowe, iwo anali ataona kale zozimira moto, mabotolo a mpweya ndi bokosi la mankhwala. Pamene anaima kutionetsa kamangidwe ka lamba ndi njira zoturukira, tinachita manyazi kuona anthu ambiri atawerama pa mafoni ao.

Ndege inakwera kupitirira mamita 10,000, ndiko kunena katatu msinkhu wa Sapitwa pa phiri la Mulanje. Kunja kuli chisanu chakupha munthu. M'kati makina apopamo mpweya, komabe uli wopepuka ngati wa pamwamba pa phiri la Dedza, ndiponso wouma ndithu. Milomo iuma, mapazi atupa. Ife tinaupuma maola awiri, koma iwo aupuma masiku ambiri a moyo wao, ali chiriri.

Kumbuyo kuli kakhichini kosaposa mphasa ziwiri zoyalidwa. Mafuwa mulibe, moto mulibe. Chakudya chiphikidwa pansi, ndipo iwo angochitenthetsa ndi magetsi. Kanthu kali konse kali ndi malo ake ndi chotsekera chake, pakuti ndege ikagwedezeka ketulo ya madzi otentha isanduka mdani. M'menemo ndimo anaturutsa ngolo yao yolemera, naikankha m'kanjira ka pakati pa mipando, pamene ife tinali kusuzumira pa zenera kuona Zambezi ndi nyanja ya Cahora Bassa, imene inabadwa atatseka mtsinjewo mu 1974.

Tiri pamwamba pa Zimbabwe, agogo ena okhala patsogolo pathu anaimirira, nadzandira, nagwa m'kanjira muja. Tinamva pambuyo pake kuti unali ulendo wao woyamba, wokaona mdzukulu wobadwa kumene, ndi kuti sanadye kapena kumwa kanthu chiyambire dzulo lake, poopa kuti angasowe kothandizikira m'mwamba. Ife tonse tinangoti kakasi. Koma namwali mmodzi anamanga mawilo a ngolo, nagwada, nawagoneka chagada, nakweza miyendo yao pa chikwama. Mnzake anadza ndi botolo la mpweya, ndipo mnyamata uja anauza woyendetsa ndege pa lamya, nafunsa ngati mwa aulendo muli dokotala. Sanathamange, sanakuwe. Tinangomva mau apansi pansi: "Agogo, mukundimva? Ndiri pompano."

Posachedwa agogo anaphenya, nati, "Mwananga, ndakubvutitsa." Iye anati, "Iai agogo, imwani madzi awa pang'ono pang'ono." Anawakhazika pa mpando, nawafunditsa bulangete, nawanong'oneza kumene kuli kachimbudzi. Atasamba m'manja anabwerera ku ngolo yake. Pamenepo bambo wina wobvala bwino anamkalipira kuti tiyi wachedwa, ndipo namwaliyo anapepesa, namthirira. Ife kunena zoona mtima unatiwawa. Tikadakhala ife sitikadaugwira chotero.

Izi siziri zachilendo pa nchito imeneyi, pakuti akazi oyamba kuigwira anali anamwino. Mu 1930 ku America, Ellen Church, namwino amene anadziwanso kuyendetsa ndege, anakopa eni ndege kuti anthu adzaleka mantha akaona anamwino m'katimo. Analembedwa 8, onse osakwatiwa. Ndipo ulendo wake woyamba, wonka ku Chicago, unatha maola 20, ndege itatera ka 13 pa njira. Lero safunanso kuti akhale anamwino, koma aphunzitsidwa kuzima moto, kutsitsimutsa wokomoka, ndi kupulumutsa anthu pa madzi, ndipo ayesedwanso kawiri kawiri.

Inu makolo amene mwana wanu anena za nchito imeneyi, musamletse, koma mumuuze zonse. Afunika sukulu, Chingerezi chomveka ndi thupi lamphamvu. Ndege siidziwa Lamulungu kapena Krisimasi. Ukwati wa mbale wake udzampita, ndipo uthenga wa maliro ungampeze ali m'dziko la eni.

Titaoloka Limpopo tinayamba kutsika, ndipo tinaona milu yachikasu ya dothi la m'migodi m'mene agogo athu anakhetsa thukuta. Pa bwalo la O. R. Tambo anaiwo anaimanso pa makomo, natsazika munthu ali yense. Agogo aja anawatengera mpando wa mawilo; pochoka anagwira dzanja la namwali uja ndi manja awiri, osafuna kulitaya. Ife tinapita kukafuna akatundu athu. Pocheuka pa zenera la bwalo tinaona galimoto yokweza chakudya itafika kale pa khomo la kumbuyo, ndi anthu ena atandanda kudikira ndege yomweyo, pakuti inayenera kubwerera ku Malawi dzuwa lisanalowe.