Kalata ya ku Joni: tiwerengenso ana amene sanafike Sitandade 8

Okondedwa Achemwali,

Ine kuno ku Johannesburg ndili bwino, ntchito ikuyenda, kungoti chisanu sichinatheretu.

Chithunzi chija munatumiza pa WhatsApp, cha mndandanda wa ana amene akhoza mayeso a Sitandade 8 pasukulu yathu, ndachiona ndipo ndakondwa. Aphunzitsi mukawathokoze m'malo mwanga. Kukhozetsa ana mayeso a MANEB m'kalasi mopanda mabuku okwanira si ntchito yamasewera. Koma paja kukhoza n'kwina, kusankhidwa n'kwina. Mundiuze angati apeza malo a Fomu 1, angati akupita kogonera komweko, angati ku CDSS, ndipo mwa iwowo atsikana ndi angati.

Chimene chandigwiritsa cholembera n'china. Mukadzapita kumsonkhano wa makolo, mudzalowe mu ofesi ya ahedi muone chipepala chachikulu chimene amamata pakhoma, cholembedwa kalasi iliyonse, anyamata mbali iyi, atsikana mbali iyo. Mudzayambe pamwamba n'kumatsika ndi chala. Sitandade 1 mupeza khwimbi, ena akuphunzirira pansi pa mtengo wa mango, kope ali nalo pabondo. Pofika Sitandade 8 onse akwana m'chipinda chimodzi, malo n'kutsala. Enawo anapita kuti? Tikamaombera m'manja zotsatira za mayeso timakhala ngati mlimi woyamikira matumba ali m'nyumba, osafunsa kuti mbewu zina zimene anabzala zinathera pati.

Zoti ana alowe sukulu tinazikwanitsa kalekale. Mukukumbuka 1994, boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, momwe ana anakhamukira? M'dziko lonse chiwerengero chinachoka pa ana pafupifupi 1.9 miliyoni n'kupitirira 3 miliyoni. Chimene chikutikanika mpaka lero n'kuwasunga m'kalasi kuti amalize.

Kwathu ku Nsanama mwana amayamba ndi mtolo umene anzake a ku Lilongwe alibe. Pakhomo amayankhula Chiyao, ena Chilomwe. Akalowa Sitandade 1 akumana ndi Chichewa cha m'buku. Asanachizolowere bwino, pofika Sitandade 5 maphunziro asanduka a m'Chingerezi. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, koma inu mukudziwa kuti m'makalasi aang'ono kwathuko amapitirira kutali. Mphunzitsi angadziwe bwanji kuti mwana wakhala kumbuyo uja sakuzindikira zilembo? Mwanayo amangoyimba nawo zimene anzake akuyimba, chaka n'kutha, n'kubwereza kalasi. Si umbuli ayi, ndi ana anzeru ndithu. Taonani momwe amaloweza msanga ku madrasa masana.

Apa ndiye pamene msinkhu umatipweteka. Mwana amayenera kuyamba sukulu ali ndi zaka 6. Ife timamusunga pakhomo ati wachepa, mtunda ndi wautali, n'kukamulembetsa ali ndi zaka 8 kapena 9. Akabwerezako kawiri, mtsikana amafika Sitandade 5 atakula kale, wavinidwa, akuchita manyazi kukhala pansi pamodzi ndi tiana. Amuna ayamba kumuyang'ana. Achemwali, lamulo la dziko likuti ukwati ndi kuyambira zaka 18, ndipo mu 2017 anazilemba m'malamulo aakulu a dziko. Ngakhale amene wabereka ali ndi ufulu wobwerera kusukulu. Amayi a Mother Group amayendera nkhani zomwezi, muziwalandira bwino akafika pakhomo.

Za anyamata ndiye ndimaziona ndi maso anga. Mwana wa Sitandade 6 akaona mkulu wake wabwera kuchokera ku Joni ndi foni yaikulu, wagula njinga yamoto yochitira kabaza pamsewu wa ku Ntaja, mtima wa sukulu umatheratu. Chimene sauzidwa ndi moyo wa kuno. Ku Mayfair ndi ku Fordsburg ndimakumana ndi anyamata a kwathu ku Machinga ndi ku Mangochi, akunyamula katundu m'mashopu kuyambira m'mamawa mpaka usiku, akugona ambirimbiri m'chipinda chimodzi. Wina anandibweretsera pepala la ntchito kuti ndimuwerengere, atasayina kale, osadziwa kuti wavomera malipiro otani. Misozi inalengeza m'maso mwanga, chifukwa msinkhu wake ndi wa mwana wanu wachisamba. Opanda mapepala akagwidwa amakasungidwa ku Lindela, n'kubwezedwa kumudzi chimanjamanja.

Ndiye mnyamata wanu mumuuze kuti zobwera ku Joni amalume ake akana. Ndalama ya basi sinditumiza, ndipo malo ogona kuno alibe mpaka atamaliza Fomu 4. Akakwiya akwiye, adzandimvetsa m'tsogolo. Mtsikana wanu asamajombe Lachisanu kapena tsiku lamsika chifukwa chokagulitsa mandasi, ndipo nyengo yokolola nandolo mupeze waganyu, ndalama yake ndilipira ine. Za chinamwali sindikutsutsa, mwambo ndi wathu, koma mukambe ndi anankungwi ndi amfumu kuti ana atuluke sukulu zisanatsegulidwe.

Ndatumiza kangachepe pa Mukuru, ka yunifolomu, makope ndi nsapato za onse awiri. Chitsirizira uja wakwanitsa zaka 6, mukamulembetse chaka chomwechino, musadikire kuti akule kaye. Madzulo muzimupatsa mkulu wake buku akuwerengereni mokweza ndime imodzi, mudzadziwa nokha ngati akuphunzira kapena akungopita.

Mupereke moni kwa amayi, muwauze kuti bulangete lawo libwera ndi basi ya mwezi wamawa. Malipoti a ana a teremu ino mudzandijambulire onse, ngakhale atalakwa.

Ndine mlongo wanu,
ku Johannesburg