Ya fanta ya pa rodibuloko timailipira tonse

Aliyense amene ali ndi galimoto m'dziko muno akudziwa kuti lamulo la pamsewu la 1997 silola galimoto kuyenda popanda inshulansi, ngakhale ya third party yokha ija. Ukapezeka ulibe, apolisi apamsewu sakunyengerera. Koma ndi angati anadzifunsapo kuti mtengo wa inshulansiyo amaukweza ndani? Ambiri timangoloza chala mabwana a mataye a m'maofesi. Ine ndikuti mbali ina ya mtengowo imakonzedwa pa rodibuloko.

Tamvani. Inshulansi ili ngati chipereganyu. Tonse timaponya ndalama m'thumba limodzi, ndipo amene wagwa m'ngozi amatapa m'menemo. Kampani ikaona kuti chaka chino yalipira ngozi zambiri, chaka chamawa imakweza ndalama yosonkha. Palibe zamatsenga apa.

Tsono taganizani za minibasi ija ya matayala operepeseka ngati chidendene cha mwana, mabuleki ochita kupopa kanayi, anthu atapanikizana mpaka kondakita mutu uli panja. Ikafika pa rodibuloko, kondakita amatsika ndi kapepala m'manja, n'kuzungulira kuseri. Pakangotha mphindi imodzi, geti latseguka. Ati "ya fanta". Ikakagubuduzika kutsogoloko, ovulala ndi amasiye amapita kukampani ya inshulansi. Kampaniyo imalipira, kenaka n'kukweza mtengo kwa onse, ngakhale kwa dalaivala amene sanagundepo ndi nkhuku yomwe.

Ngozi ikachitika, cholembera cha wapolisi chimasanduka ndalama. Kampani silipira popanda lipoti la apolisi, ndipo lipotilo ndi limene limaloza wolakwa. Malume anga ali ndi kapikapu konyamulira tomato ndi kachewere kuchokera ku Ntcheu. Tsiku lina lole inawagunda kumbuyo ali chiimire. Mboni zinalipo zambiri, koma lipoti linatenga masabata. Lero bwana atuluka, mawa pepala latha, mkuja "mukudziwa kale, achimwene". Malume anakana kupereka kanthu. Pamene lipoti limatuluka n'kuti makasitomala awo atapeza kale galimoto ina, ana kunyumba atabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi.

Ngati lipoti loona lingachedwetsedwe dala, labodza silingafulumizitsidwe? Makampani a inshulansi akhala akudandaula za anthu okatenga chipukuta misozi pa ngozi imene sanakhalepo n'komwe. Munthu wotere amafunika pepala lodinda. Amalipeza kuti?

Sindikuti makampaniwo ndi angelo ayi, ndipo zifukwa zina zilipo. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, pomwe zipangizo za galimoto timaitanitsa kunja. Koma kugwa kwa kwacha sitingakuletse pamsewu. Minibasi yopanda mabuleki tingailetse.

Kwina anazindikira kale kuti wapolisi wogwira bwino ntchito amapulumutsa ndalama za inshulansi. Ku Michigan, m'dziko la America, kuyambira 1986 galimoto iliyonse ya munthu wamba yokhala ndi inshulansi imasonkherako dola imodzi pachaka kuthumba lolimbana ndi umbava wa galimoto, ndipo ndalamazo zimathandiza magulu a apolisi osaka mbavazo. Kumeneko ndalama imapita kupolisi masanasana, yolembedwa m'buku. Kuno imadutsa m'manja mwa kondakita.

Tinene zoona, si apolisi onse. Alipo ena oima padzuwa tsiku lonse, malipiro ochepa, koma osalandira kanthu. Amenewo tiwavulire chipewa. Ndiponso chiphuphu sichidzipereka chokha: pali dzanja lolandira, palinso lopereka.

Mwina mukuti, "Ine galimoto ndilibe, zikundikhudza bwanji?" Mayi, bambo, mwini minibasi akakwezeredwa inshulansi salira yekha. Amakweza mtengo wokwerera. Wapikapu amakweza mtengo wonyamulira, ndipo mulu wa tomato ku Limbe umachepa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB lilipo, lamulo lake linakhazikitsidwa mu 1995. Akuluakulu apolisi aike nthawi yodziwika yotulutsira lipoti la ngozi, mtengo wake aumate pakhoma, ndipo chindapusa chilichonse chizikhala ndi lisiti la boma. Ife okwera, kondakita akamatsika ndi kapepala kaja, tisamangoyang'ana kumbali. Ndalama imeneyo ndi yathu.