Dramu laciwiri pa moto wa munkoyo

Kuno ku Palabana timadziwika ndi mkaka. Mlimi aliyense wa ng'ombe adzakuuzani kuti cigubu ca mkaka sicitsukidwa ndi madzi ozizira okha, cifukwa mafuta amakanirira, ndipo mkaka wamawa umasasa usanafike kwa wogula. Koma ambiri ophika munkoyo ndi cibwantu amangotsukuluza ndowa ndi madzi a pacitsime.

Kolera itabuka mu Lusaka mu October 2023, mpaka masukulu kucedwa kutsegulidwa kufikira February 2024, tinali kulengeza pa wailesi za kusamba m'manja. Nanga kapu imodzi imene anthu ambirimbiri amamwera pamsika, imatsukidwa bwanji?

Giza si yathu: malaiti amapita, makala anadula. Cimene tacita pakhomo n'capafupi. Pambali pa dramu lophikira phala taika mafuwa ena ndi dramu lodula pakati, lodzaza madzi. Moto ndi womwewo, nkhuni n'zomwezo. Phala likamapsa madzi amakhala atawira, ndipo timathira pa ndowa, sefa, mthiko ndi makapu zotsalira zisanaume. Mabotolo apulasitiki amapindika ndi madzi owira, conco iwo timatsuka ndi madzi ofunda, sopo ndi klorini.

Agogo amatiletsa kukhudza cipanda. Akuti zotsalira zam'kati ndizo zimasasitsa munkoyo bwino. Sakunama, ndipo cipanda taasiyira. Koma ciwiya ciliconse cofika pamlomo pa mlendo ciyambe calawa madzi otentha.