Chikanga cha mwana ndi mbewa za ku Japan

Usiku wathawu kamdzukulu kathu sikanagone. Kamangodzikanda kuseri kwa maondo ndi m'zigongono mpaka magazi, ndiye kukatentha ngati muno ku Likoma thukuta limawonjezera kuyabwa. M'mawa agogo ake anali atasinja kale masamba a nimu, anthu oyandikana nawo akuti ayi, mafuta a malambe, poti milambe ndiye yadzaza chilumba chino.

Ine ndinaseka nditawerenga kuti asayansi amayesa zopaka zochokera ku zomera pa mbewa. Mbewa! Zomwe anzathu a kumtunda amagulitsa pa mpani m'mbali mwa msewu wa M1. Koma izi ndi zoweta. Ku Japan kuli mtundu wotchedwa NC/Nga, womwe mu 1997 ofufuza analemba kuti umachita chikanga chonga cha anthu. Zina amazimeta pamsana, n'kuzipaka mankhwala otchedwa DNCB kuti khungu litupe, kenako n'kupakapo mankhwala a zomerawo. Amawerenga kuti yadzikanda kangati, amayeza kuti khutu latupa bwanji.

Kungoti khungu la mbewa ndi lopyapyala kuposa lathu, ndipo zambiri zochiza mbewa zimakanika zikafika pa munthu. Msuzi wa masamba ukalowa pa bala lotseguka umatha kulikulitsa.

Choncho mwana uja tangomusambitsa ndi madzi ofunda, tamupaka Vaseline, tamuwenga zikhadabo. Mawa tikupita naye ku chipatala cha St Peter's. Inu amene mwalerapo mwana wa chikanga, sopo wanji sanakuvutitseni?