Kagalimoto ka K900,000 kanatsala pang'ono kundidanitsa ndi mudzi wonse

Abale anzanga, lero ndiulule. Pali zinthu zina zimene bambo wa ndevu zake amagula n'kumanamizira ana, chonsecho amene akuzilira ndi iye mwini. Ine ndinachita zoterezi mu Ogasiti 2023, ndipo mpaka pano amake ana akafuna kunditseka pakamwa pagulu amangoti, "Abambo, tiwauze anthuwa za galimoto yanu ija?" Basi ine ziii, ngati ndathiridwa madzi ozizira.

Galimoto yakeyo si galimoto yoti mungakwere kupita nayo ku Lunzu ayi. Eni ake amati go-kart. Ndi kachimango ka mapaipi achitsulo, matayala anayi a zibuluzibulu, mpando umodzi wokhala pansi penipeni, chiwongolero, ndi kainjini kumbuyo kofanana ndi kamene mumakaona pa jenereta kapena pa pampu yothirira kudimba. Kanthu kameneka anakayambitsa ndi mkulu wina wa ku California, Art Ingels, m'chaka cha 1956, pomangirira injini ya makina otchetchera kapinga pa mapaipi. Iye ankangosewera. Ine ndinataya K900,000.

Kuti mundimvetse, ndiyambire kutali pang'ono. Ine ndinakulira ku Ndirande m'zaka za m'ma 1980, bambo anga akugwira ntchito ku David Whitehead. Masiku amenewo chidole cha mwana wa ku Ndirande chinali chopanga yekha. Tinkapinda galimoto za mawaya, matayala ake zitsekerero za mabotolo. Titakulirapo tinkatola mabering'i otayidwa kumagalaja a ku Makata, n'kukhomera pa thabwa, chingwe cha gonje n'kukhala chiwongolero, chidendene n'kukhala buleki. Tikatsetsereka nako kangolo kameneko phokoso lake linkamveka mpaka kumsika, ndipo mawondo angawa ali ndi zipsera zochitira umboni. Koma tsiku lina tikudutsa ku Nyambadwe kokasaka mango, ndinasuzumira pa mpanda wina n'kuona mwana wa msinkhu wanga akuzungulira pa kapinga ndi kagalimoto ka injini yeniyeni. Ndinaima pamenepo mpaka mlonda anandithamangitsa. Chithunzi chimenecho chinakhala m'mutu mwanga zaka pafupifupi 40.

Ndiye tangoganizani mmene mtima unagundira pamene mnzanga wa kuntchito anandiuza kuti banja lina ku Namiwawa likusamuka m'dziko muno ndipo likugulitsa katundu yense, kuyambira firiji mpaka khola la galu. Ine ndinapitira firiji. Nditangolowa pageti, maso anga anagwera pa kanthu kofiira kali phee pansi pa mtengo, penti yake ikuwala ngati kangotuluka kumene m'sitolo. Za firiji ndinaiwaliratu.

Mwini wake anakoka chingwe kamodzi kokha, injini n'kulira. Anati ndikwere. Ine ndi mimba yangayi ndinadzipanikiza pampando, n'kuzungulira bwalo lija kawiri, tayi ikuuluka, ndikuseka ngati mwana wa Sitandade 2. Mtengo anayambira K1.2 miliyoni. Tinakambirana mpaka kufika pa K900,000, ine n'kumadziona ngati katswiri wa malonda. Ndalamazo zinali za chipereganyu cha kuntchito, ndipo kunyumba tinali titagwirizana kale kuti tikonzera mpanda wakumbuyo umene unagwa ndi mvula ya namondwe Freddy mu Malichi chaka chomwecho.

Pikapu itaima pakhomo pathu ku Chilomoni, ana anakuwa mpaka agalu a maneba anayamba kuuwa. Amake ana anatuluka m'khitchini ndi mthiko m'manja. Anayang'ana kagalimoto, anayang'ana malo a mpanda pamene tinangotchingapo ndi malata akale, kenaka anayang'ana ine.

"Firiji ija ndi imeneyi?"

"Iyayi mayi, izi ndagulira ana. Ana a masiku ano angokhalira foni, akufunika mpweya."

"Chabwino. Akuba akabwera mudzawathamangitse pa yomweyo."

Sabata yonse imeneyo nsima ndinkaipeza patebulo, koma nkhani panalibe.

M'mawa mwake ndi pamene ndinadziwa kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ndinakoka chingwe kakhumi, injini osalira. Kakhumi kenanso, phewa n'kuyamba kuwawa. Ndinaitana amakaniko ena a njinga zamoto za kabaza amene ndimadziwana nawo. Iwo asanagwire n'komwe sipanala anandifunsa funso limodzi: "Bwana, dzulo musanailize munaigwira injiniyi ndi dzanja?" Ndinati ayi. Anaseka. Ati wogulitsa wochenjera amayamba waitenthetsa injini wogula asanafike, chifukwa injini yotopa ikatentha imalira msanga, koma ikazizira m'pamene imanena zoona.

Kenaka anayamba kundionetsa chimodzichimodzi. Injini inalembedwa ngati Honda GX200, ija ya 196cc, koma inali yongofanizira, ya mtundu umene wadzaza m'masitolo a ku Limbe. Kabureta inali itadzaza utomoni wa petulo wokhalitsa. Oyilo anali wakuda bii ngati phula. Klatchi yake si yoponda ndi phazi: imagwira yokha injini ikathamanga, ndipo ikamayendetsedwa pang'onopang'ono pamtunda kapena itanyamula munthu wolemera imangotsetsereka n'kupsa. Yathuyi inali itasanduka yabuluu ndi moto. Atapala penti yofiira ija ndi mpeni pafupi ndi ekiselo yakumbuyo, panaoneka mng'alu wautali ngati chala, wongomata ndi phala. Batani lozimitsira injini linalipo, koma waya wake unali wodukira m'kati. Pa tcheni panalibe chotchinga chilichonse.

Ndinaimbira wogulitsa uja. Foni inali itazimitsidwa. Munthu anali kale m'ndege. Safunsa anadya phula.

Mwezi wotsatira ndinakhala mlendo wa tsiku ndi tsiku ku Limbe ndi kumsika wa Ndirande. Kabureta ndinaipeza mosavuta chifukwa ndi yomweyo ya majenereta. Mng'alu anawotcherera amisiri a ku Ndirande, ndipo kunena zoona ntchito yawo inaposa ya ku fakitale. Koma klatchi ndi matayala, mayo ine! Ndinayenda sitolo ndi sitolo, wina kundipatsa tayala la wilibala, wina kundiseka poyera. Mapeto ake ndinatuma mayi wina wa geni amene amakwera basi za ku Johannesburg, n'kudikira masabata atatu. Powerengera zonse, K340,000 ina inapita. Batani lozimitsira lija ndi chotchinga tcheni ndinati tidzakonza mwezi wamawa. Mawu amenewa muwasunge.

Musaganize kuti zonse zinali misozi. Loweruka loyamba limene kanayenda bwinobwino, pa bwalo lafumbi kumtunda kwathu moyang'anana ndi phiri la Michiru, sindidzaliiwala. Mwana wanga wachisamba, mnyamata wa zaka 15 amene ankangoyankha "eya" ndi "ayi" ngati wapolisi, anatsika ali fumbi lokhalokha n'kundikumbatira. Chitsirizira wathu, mtsikana wa zaka 9, anakhota pakona mwaluso kuposa madalaivala ena a minibasi a pa Chipembere Highway. Ngakhale amake ana ndinawaona akumwetulira, ngakhale anakana. Ana a mudzi wonse anandandalika pamzere, ine n'kukhala ngati kondakitala, aliyense maulendo awiri. Ndinadziona ngati ndagwetsa mpanda uja wa ku Nyambadwe.

Loweruka lachinayi ndi limene linandiphunzitsa.

Inali nthawi ya mwana wa aneba athu a kuseri, mtsikana wa zaka 10, mnzake wa chitsirizira wathu. Anabwera atamanga kachitenje m'chiuno pamwamba pa diresi, monga amachitira ana aakazi. Ine ndinali pafoni. Anayenda bwino ulendo woyamba. Ulendo wachiwiri nsonga ya chitenje inalendewera kumbuyo kwa mpando, tcheni n'kuigwira. Abale, ekiselo yozungulira siidziwa kuti uyu ndi mwana. Inakulunga nsalu ija kamodzin'kamodzi, kumukokera mwanayo chagada, dzanja lake n'kupanikizika pa chitsulo. Ndinathamanga n'kudinikiza batani lija. Palibe chinachitika, ndipo ndinkadziwa chifukwa chake. Anali mnyamata wanga amene anaganiza msanga n'kuzula waya wa pulagi ndi dzanja, injini n'kuzima.

Chitenje tinachita kudula ndi mpeni. Dzanja linali litathyoka pamwamba pa chikhatho, ndipo pantchafu panali bala lofuna kusoka.

Usiku umenewo ndinakhala pa benchi ku Queens pambali pa bambo ake a mwanayo, munthu amene takhala tikubwerekana makasu ndi mchere zaka 11. Sanandilalatire. Bola akanandilalatira. Anangokhala chete nthawi yaitali, kenaka anati, "Aneba, ine sindimadziwa n'komwe kuti mwana wanga amakwera chimenechi. Mukanatifunsa kaye." Ndinalibe choyankha. Amake ana ndi amene anagona kuchipatalako pamodzi ndi mayi a mwanayo, ndipo ndi amene ananditsogolera patapita masiku atatu kukapepesa mwamwambo, titanyamula nkhuku ndi ufa, pamaso pa akuluakulu awiri a mumpingo. Zonse zakuchipatala tinalipira ife. Mwana anakhala ndi chikhakha masabata asanu ndi limodzi, ndipo mayeso a teremu imeneyo analemba movutikira. Tithokoze Mulungu kuti dzanja linalumikizana bwino. Likanakhala tsitsi loluka lija kapena sikafu yapakhosi, bwenzi ndikulemba nkhani ina, mwinanso ndikulembera ku Chichiri.

M'mudzi nkhani inayenda mmene mukudziwira. Ena ankati ndimafuna kuonetsa chuma. Ena anafika poti kagalimotoko n'kokhwimira, kamafuna magazi. Kumeneko n'kwathu kuno: ngozi siichitika yokha. Koma ine ndinkadziwa bwino mfiti yake. Inali waya wa K2,000 umene ndinati ndidzagula mwezi wamawa.

Ndinafuna kukagulitsa. Amene anakaniza, modabwitsa, ndi amake ana. "Mukagulitse kuti kakapweteke mwana wa wina ku Machinjiri? Konzani zimene munayenera kukonza poyamba." Tinabwerera ku Ndirande. Anakhoma lata lochindikala kutchinga tcheni ndi ekiselo yonse, anaika mabatani ozimitsira awiri, lina pachiwongolero lina kumbuyo poti wamkulu afikire, anaika lamba wapampando ndi kabawuti koletsa kuponda mafuta mpaka pansi. Ndinagula zipewa ziwiri za njinga yamoto. Malamulo analemba ndi amake ana pa katoni: palibe chitenje, palibe sikafu, palibe patapata, tsitsi lilowe m'chipewa, mwana wa eni abwere ndi kholo lake, ndipo woyang'anira asagwire foni. Lomalizali ankanena ine. Pamsewu ndiye ayi ndithu, chifukwa kanthu kopanda nambala, magetsi ndi inshuwalansi kalibe malo pakati pa minibasi ndi akabaza.

Tisanasangalale n'komwe, mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, petulo n'kukwera kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita. Chakumapeto kwa 2024 mafuta anasowa, mizere ya galimoto n'kumagona pa mafiling'i siteshoni. Inu mukuganiza kuti munthu angaime pamzere usiku wonse, n'kufika kutsogolo ndi kachigubu, n'kunena kuti ndi ka chidole cha ana? Angakugende. Kagalimoto kanakhala pakhonde miyezi, nkhuku n'kumaikira pampando.

Tsiku lina madzulo ndikuchokera kuntchito wapansi, ndinamva phokoso la ana kumtunda kuja. Nditafika ndinapeza mnyamata wanga wamasula tcheni, ndipo gulu lonse likukankha kagalimoto kukwera nako kachitunda, wina n'kukwera, n'kutsetsereka opanda injini, anzake akuthamangira pambuyo akukuwa. Pampando panali mtsikana wa aneba uja, chipewa kumutu, atavala buluku la mchimwene wake. Bambo ake anaima poteropo manja kumbuyo. Atandiona anati, "Aneba, mafuta mwawapeza?" Ndinati ayi. Anati, "Asiyeni, chonchi chili bwino." Ndinaima nawo pamenepo mpaka mdima, ndikuganiza kuti ndalipira ndalama zoposa K1.2 miliyoni kugula kangolo komwe kaja tinkakhoma ulere ku Ndirande.

Tsono inu amene mwaona kotere kakugulitsidwa ku Sunnyside kapena ku Mpingwe ndipo mtima wayamba kudumpha, sindikukuletsani. Koma pitani ndi makaniko, osati ndi ana. Gwirani injini ndi dzanja musanailize. Penti yatsopano muziiopa. Funsani kumene mukapeze matayala ndi klatchi musanapereke ndalama. Buleki, batani lozimitsira ndi chotchinga tcheni zikonzedwe mwana asanakhalepo, osati mwezi wamawa. Ndipo kambiranani kaye ndi mayi a kunyumba.

Mpanda uja tinamanga mu Juni 2024. Firiji mpaka lero tikugwiritsa ntchito yakale yomwe ija, yotseka ndi mpira wa njinga.